N'chifukwa chiyani kuli mipando kumene anthu satopa?

Mdzukulu wanga wamkazi, amene anaphunzira ntchito yoyang'anira malaibulale, anabwera kudzationa pa tchuthi cha Khirisimasi atanyamula laputopu yake. Tsiku lina titatha kudya mgonero anandiitana. "Agogo, tabwerani muone kumene ndimapita Lachinayi lililonse." Ndinkayesa andionetsa zithunzi za kuntchito kapena za kukwaya. Koma pa sikirini panaoneka bwalo la kapinga, mitengo, nyanja chapatali, ndi chinyumba cha mizati. Kutsogolo kwa chinyumbacho kunaima kamtsikana kojambulidwa, ka tsitsi loluka ngati lake. "Ameneyo ndine," anatero. Anadina batani, kamtsikanako kanayenda, kanakwera masitepe, kanalowa. M'katimo munali mashelefu a mabuku, desiki yaikulu, ndi mipando yozungulira tebulo.

Ndaphunzitsa ku pulayimale zaka 34, ndipo ndinaona kuti funso limene ana amaopa kwambiri kufunsa ndi losavuta lija. Choncho ndinafunsa. Kamtsikanako kamatopa? Ayi, agogo. Nanga mipandoyo ndi ya chiyani? Kumeneko kumagwa mvula yonyowetsa? Ayi. Nanga denga? Wandionetsa kumene kuti kamatha kuuluka ngati mbalame. Nanga masitepe anawamangiranji?

Sanandiyankhe msanga. Anangoti, "Agogo, khalani pansi, tione limodzi." Kuyambira usiku umenewo mafunsowa sanandichoke, ndipo anabala anzawo.

Malowo amatchedwa Second Life. Anatsegulidwa mu Juni 2003 ndi kampani ya Linden Lab ya ku San Francisco, imene Philip Rosedale anayambitsa mu 1999. Si masewera oti wina apambane. Mulibe zigoli, mulibe mdani wogonjetsa. Kampaniyo inangoyala nthaka, nyanja ndi thambo, n'kusiyira anthu kuti amange okha zimene akufuna. Aliyense wolowa amadziumbira thupi lomuimira, limene amati avata. Mdzukulu wanga akuti mawuwa anachokera ku Sanskrit, chinenero chakale cha ku India, kumene ankanena za mulungu wotsika pansi pano atavala thupi. Muli ndalama yakeyake, Linden dollar, yosinthika ndi dola ya ku America. Muli malo ogula ndi obwereka. Mu 2006 mayi wina wodziwika ndi dzina la avata yake, Anshe Chung, anaikidwa pachikuto cha magazini ya BusinessWeek chifukwa cholemera ndi malonda a malo amene palibe anawapondapo ndi phazi. Chaka chomwecho a Reuters anaikamo mtolankhani wawo, ndipo mu 2007 dziko la Sweden linatsegulamo nyumba ya ukazembe. Zonsezi ndinazimva, koma sizinandigwire mtima. Pamene pali ndalama anthu amasonkhana, kaya ndi pamsika wa Lizulu kaya ndi m'kompyuta. Chimene chinandigwira ndi desiki ija.

Mu 2006 oyang'anira malaibulale a bungwe la Alliance Library System, ku Illinois, anatenga chilumba m'dzikomo n'kuchitcha Info Island. Anamanga nyumba, anaika desiki, n'kuyamba kusinthana maola okhala pamenepo kudikira aliyense wobwera ndi funso. Anzawo a m'mayiko ena anawathandiza mongodzipereka, osalandira kanthu. Pambuyo pake ntchitoyo inapitirira ndi dzina loti Community Virtual Library, ndipo kumeneko n'kumene mdzukulu wanga amakacheza ndi anzake a ntchito imodzi.

Apa ndiye ndinasokonezeka kwenikweni. Pakompyuta yomweyo pali Google. Ulemba mawu awiri, mayankho adzadza sikirini usanaphethire. Nanga munthu avalirenji thupi, ayende, akwere masitepe, apereke moni, kuti afunse mnzake amene mwina ayankha mochedwa? Si chimodzimodzi mayi amene ali ndi mpopi m'nyumba koma akusenza ndowa kupita ku mjigo?

Mdzukulu wanga anati, "Agogo, kodi mulibe funso limene lakhala likukusautsani?"

Linalipo. Mng'ono wanga, kumudzi, anagwidwa ndi sitiroko chaka chathachi. Dzanja lamanzere linafooka, mwendo nawo amachita kukoka.

Mdzukulu wanga anandiumbira avata, nkhalamba ya imvi yovala jekete, n'kundisiyira kiyibodi. Pa desiki panali munthu wa thupi la munthu koma mutu wa kalulu. Za mutuwo ndibwererako. Ndinapereka moni m'Chingerezi, iye anayankha, n'kunena kuti waona kuti ndine mlendo, ndikhale womasuka. Ndinalemba kuti ndikufuna buku lonena za sitiroko.

Sanandipatse buku. Anafunsa ngati wodwalayo ndine kapena wina amene ndikusamalira. Ndinati ndi mng'ono wanga. Anafunsa ngati ndikufuna kudziwa mmene matendawa amayambira, kapena za mankhwala, kapena za moyo wa tsiku ndi tsiku. Ndinakhala kaye chete. Kenako anafunsa chimene chimam'pweteka kwambiri m'bale wangayo, osati m'thupi mokha. Pamenepo zala zanga zinalemba zimene sindinauzepo ngakhale a dokotala: kuti munthu amene ankalima yekha maekala atatu tsopano amavekedwa malaya ndi mkazi wake ngati khanda, ndipo chifukwa cha manyazi anasiya kutuluka m'nyumba, anasiya ngakhale kupita pansi pa mtengo pamene anzake amasewera bawo.

Nditawerenga zimene ndinalembazo ndinadzifunsa kuti, kodi funso limeneli linali kuti nthawi yonseyi? Ine ndinabwera kudzafuna buku. Bwanji ndatulutsa za malaya?

Mdzukulu wanga anati zimenezi anaziphunzira m'kalasi. Mu 1968 katswiri wina wa za malaibulale, Robert Taylor, anafotokoza kuti funso limadutsa masitepe anayi. Limayamba ngati kusakhazikika mumtima, kopanda mawu. Kenako limasanduka ganizo losalongosoka. Kenako munthu amalipezera chiganizo. Koma pofika pa desiki amalidula, kulichepetsa, kuti lifanane ndi zimene akuganiza kuti malowo angapereke. Ku laibulale amapempha buku chifukwa akudziwa kuti kuli mabuku. Ntchito ya wokhala pa desiki ndi kum'bweza munthuyo pang'onopang'ono mpaka afike pamene funsolo linabadwira.

Zimenezi ife timazidziwa, kungoti sitinazilembe. Munthu akabwera pakhomo m'mamawa n'kuyamba ndi za mvula, kenako za mbuzi zolowa m'munda, wamkulu sathamangira kuyankha za mbuzizo. Amam'patsa mpando, amadikira. Amadziwa kuti chimene chadzutsa munthuyu chikadali m'mbuyo, mwina ndi njala pakhomo, mwina ndi mwana wotenga pakati. Ndinafunsa ngati makina sangachite zomwezo. Mdzukulu wanga anavomera kuti masiku ano kuli makina ocheza nawo amene amathanso kukufunsa mobweza. "Koma taonani chimene achite tsopano," anatero.

Kalulu uja anandipatsa zinthu ziwiri. Choyamba chinali tsamba la MedlinePlus, la laibulale yaikulu ya zachipatala ya boma la America, lofotokoza za matendawa m'mawu osavuta. Chachiwiri chinali kachizindikiro ka malo, koti ukakadina umapezeka wafika. Anati kumeneko kuli anthu amene akudziwa za malaya kuposa buku lililonse limene iye angandipatse.

Malowo ndi chilumba cha gulu la Virtual Ability. Gululi linayamba mu 2007, ndipo mmodzi mwa oliyambitsa ndi Alice Krueger, mayi wodwala matenda a mitsempha otchedwa multiple sclerosis, amene m'dzikomo amadziwika kuti Gentle Heron. Matendawo atam'tsekera m'nyumba, iye ndi anzake anafuna malo okumanirana, ndipo anamanga mudzi wa anthu olumala ndi odwala matenda okhalitsa, pamodzi ndi owasamalira. Mu 2009 gululi linalandira mphoto ya Linden Prize. Nditafika ndinaona njira zotakata, zikwangwani za zilembo zazikulu, ndi makwerero otsetsereka a njinga za olumala.

Funso langa lija linabweranso, tsopano lolemera. Kuno mwendo supweteka. Wolumala atha kuthamanga, kuvina, kuuluka. Ena ndinawaonadi akuvina. Nanga bwanji ena anasankha kukhalabe pa njinga zawo? Ndinafunsa mayi wina mwaulemu. Anayankha kuti njingayo ndi mbali ya moyo wake ndipo sachita nayo manyazi. Anawonjeza kuti mlendo akafika ali ndi funso la njinga, amadziwa woti am'funse.

Pamenepo ndinayamba kumva za mipando. Mpando wa kumeneko suli wopumitsa msana. Uli wolankhula. Umauza munthu kuti pano si podutsa, m'pokhala. Amene wakhala apa sakuthamanga, ungam'yankhule. Mipando ikazungulira imati nkhani ya pano ndi ya tonse. Desiki imati wokhala apa wavomera kufunsidwa. Denga limati za m'kati muno n'zosiyana ndi za panja. Ngakhale thupi litasiyidwa kunyumba, maso amapita nawo, ndipo maso anaphunzira kalekale kuwerenga mpando. Ndikulakwa kodi? Ngati ndikulakwa, bwanji anthu a m'mayiko osiyanasiyana, atapatsidwa nthaka yopanda malamulo a mvula ndi kutopa, onse anayamba ndi kumanga pokhala?

Ndinakhala nawo pabwalo, anthu asanu. Sankakamba za matenda. Wina ankadandaula za chipale chofewa chimene chinatseka msewu wa kwawo, wina ankasimba za galu wake. Atandilonjera ndinafotokoza za mng'ono wanga. Bambo wina anati iye sitiroko inam'gwira zaka zisanu ndi zinayi zapitazo, ndipo akulemba ndi dzanja limodzi, ndipirire kuchedwa kwake. Kenako anayamba, mzere umodzi umodzi. Povala malaya akhale pansi, ayambe kulowetsa dzanja lofookalo, akokere malayawo mpaka paphewa, lamphamvu lilowe pomaliza. Povula ayambe ndi lamphamvu. Mabatani akavuta, telala asokerepo zomata zija za pa nsapato za ana. Pakudya aike kansalu konyowa pansi pa mbale kuti isaterereke. Ndipo a pabanja asam'chitire zonse, ngakhale zitatenga ola, chifukwa chimene amuchitira lero mawa sadzachiyesanso. Mayi wa njinga uja anadula n'kunena kuti iwo si madokotala, m'bale wangayo asasiye kupita kwa a fiziyo kuchipatala. Ndinaona kuti anzakewo anavomereza.

Bambo uja anafunsa kuti masewera amene ndinatchula aja ndi otani. Ndinafotokoza za thabwa la maenje ndi nkhomo zake. Anafunsa kuti amasewera ndi manja angati.

Ndinati limodzi.

Anati, ndiye chikumuletsa n'chiyani?

Miyezi yonse ija ine, mlamu wanga ndi ana tinkalira za dzanja limene linafa. Panalibe mmodzi wa ife amene anaganiza zowerenga zimene dzanja lotsalalo lingachite. Zinatengera munthu wa kutsidya kwa nyanja, amene bawo sanalionepo, kuti afunse. Akuluakulu anati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Mdzukulu wanga akuti katswiri wa za chikhalidwe cha anthu, Mark Granovetter, analemba zofanana mu 1973: kuti nkhani yatsopano, monga ya kumene kuli ntchito, kawirikawiri imabwera ndi anthu amene timangodziwana nawo patalipatali, chifukwa a pafupi amadziwa zomwe ifenso tikudziwa kale.

Anandiuzanso za Karen Pettigrew, amene pambuyo pake anadziwika ndi dzina loti Karen Fisher. Mu 1999 mayiyu anafalitsa kafukufuku wa timakiliniki ta ku Ontario, ku Canada, kumene okalamba ankapita kukasamalidwa mapazi. Anapeza kuti podikira, ndiponso phazi lili m'manja mwa namwino, okalambawo ankauzana ndi kuuzidwa za thandizo lopezeka m'dera lawo. Palibe anachoka kunyumba kuti akafune nkhani. Anapitira mapazi, nkhani anaitola panjira. Nditamva zimenezi ndinaona pamaso panga amayi ali pa mzere wa sikelo ya ana, ndinaona chigayo, minibasi yodikira kudzaza, siwa ya maliro. Ndi kangati munthu amamva za mtengo wa feteleza, za sukulu imene ikulemba aphunzitsi, za mankhwala amene afika kuchipatala, ali pa malo amene anapitira zina? Ndiye mayi wa mpopi m'nyumba uja, akapita ku mjigo tsiku lina, sikuti wasokonezeka. Mpopi umatulutsa madzi okha.

Tsopano za mutu wa kalulu.

Ife tinakulira nthano, ndipo m'nthano Kalulu ndi wochenjera amene amapusitsa Njovu ndi Fisi. Nditaona mutu umenewo pa desiki mtima unakayika. Kumudzi munthu akandiuza za mankhwala ndimadziwa kuti ndi mwana wa yani, anaphunzira mpaka pati, ananamizapo anthu kangati. Akandisokeretsa ndikudziwa khomo lake. Nanga uyu? Ndi mwamuna kapena mkazi? Ndi woyang'anira laibulale weniweni kapena mnyamata wongocheza? Bambo wa dzanja limodzi uja, ndani angatsimikize kuti anadwaladi? Ndipo achinyengo alimodi. Mu 2007 banki ina ya m'dzikomo yotchedwa Ginko Financial, imene inkalonjeza chiwongoladzanja chachikulu, inagwa ndi ndalama za anthu, ndalama zenizeni zimene anasintha kuchokera m'matumba mwawo, mpaka mu Januwale 2008 a Linden Lab analetsa mabanki opanda chilolezo cha boma. Kalulu wa m'nthano analowa nawo.

Mdzukulu wanga anandionetsa kuti avata iliyonse ili ndi tsamba losonyeza tsiku limene inabadwa ndi magulu amene ilimo. Wa pa desiki uja anali atakhalamo zaka zambiri, ndipo anzake a ntchito ankam'dziwa. Mdzukulu wangayo anandikumbutsanso kuti kalulu uja sanandiuze kuti ndikhulupirire iye. Ananditumiza ku tsamba loti aliyense angalione ndi kwa anthu oti angatsutsane pamaso panga, monga anachitira mayi wa njinga. Ndinaganiza kuti kumudzinso ndi mmene timayesera munthu. Sitiyang'ana nkhope. Timayang'ana ngati wakhala pa mpando womwewo zaka zambiri osathawa, ndiponso ngati amalankhula poyera pamene ena angam'dzudzule.

Koma pali china chimene chikundizunguzabe. Za manyazi a mng'ono wanga sindinauze munthu kumudzi, chifukwa kumudzi nkhani ikatuluka pakamwa m'mawa, madzulo yafika ku mjigo. Ndinauza kalulu chifukwa sakundidziwa, ndipo ine ndinali nditabisala m'nkhalamba yojambula. Chophimba kumaso chomwecho chimene chimalola wabodza kunama ndi chimene chimalola wamanyazi kulankhula. Taganizani mtsikana wofuna kufunsa za kachilombo, kapena bambo wofuna kufunsa za kusabereka, m'dera limene namwino ndi mnansi wake. Tichotse chophimbacho kuti tigwire wabodza? Nanga wamanyaziyo apita kuti? Tichisiye? Nanga wopusitsidwayo adzalira kwa yani? Ine ndimakondera wamanyazi, chifukwa ndinali iye usiku umenewo. Koma sindinatayepo ndalama kwa Ginko.

Tsiku lina mdzukulu wanga anandionetsa laibulale ya mtundu wina, m'masewera a Minecraft amene ana amamanga zinthu ndi timabokosi ngati njerwa. Pa 12 Malichi 2020 bungwe loteteza atolankhani la Reporters Without Borders linatsegulamo chinyumba chotchedwa The Uncensored Library. Anachimanga anthu 24 a m'mayiko 16, ndi njerwa zoposa 12.5 miliyoni. M'katimo anaikamo nkhani zimene zinaletsedwa kapena zimene olemba ake anazunzidwa nazo ku Egypt, Mexico, Russia, Saudi Arabia ndi Vietnam, kuphatikizapo zolemba za Jamal Khashoggi, amene anaphedwa mu Okutobala 2018 mu ofesi ya dziko lake ku Istanbul. Nzeru yake inali yoti maboma ena amatseka masamba a nyuzipepala pa intaneti, koma masewera a ana amawasiya otsegula.

Zimenezi sindinafune wondimasulira. Amene tinalipo pa 8 Malichi 1992 tikukumbukira kalata ya maepiskopi a Katolika itawerengedwa m'matchalitchi m'Malawi monse. Zimene zinali m'kalatamo anthu ankazidziwa kale: za malipiro, za kumangidwa popanda mlandu, za kuopa kulankhula. Chatsopano chinali malo. Mawuwo ananenedwa mokweza m'nyumba yodzaza, ndipo aliyense anaona kuti wa pambali pake wamvanso. Boma linati kalatayo ndi youkira ndipo kupezeka nayo ndi mlandu, koma zinali zitachedwa, chifukwa sungalande munthu zimene anaona pankhope ya mnzake.

Ndiye ndikufunsa za chinyumba cha njerwa 12.5 miliyoni chija. N'chokongola, ndipo amene anachiganiza ndimawalemekeza. Koma mnyamata wa ku Vietnam akalowa yekha usiku n'kutsegula buku, akafika pa mawu ovuta afunsa ndani? Aona nkhope ya yani kuti adziwe kuti sali yekha? Nyumba ya mabuku yopanda wokhala pa desiki ndi laibulale, kapena ndi nkhokwe? Nkhokwe n'njofunika, makamaka chaka cha njala. Koma pamene ine ndinathandizidwa panalibe njerwa zambiri chotero. Panali mipando isanu ndi anthu okhalapo.

Funso lina linabwera nditamva kuti nthaka yonseyo ili ndi mwini. Kwathu bwalo ndi la mudzi. Mfumu ikhoza kusintha, mtengo wa kachere ukhalapobe. Kumeneko chilumba amalipira mwezi ndi mwezi kwa kampani. Mu 2010 a Linden Lab analengeza kuti masukulu ndi mabungwe osachita malonda asiya kulipira theka la mtengo, ndipo ambiri anapakira n'kuchoka. Pamene kuchotserako kunabwezeretsedwa mu 2013, ena anali atapita kale. Google inatsegula dziko lake lotchedwa Lively mu Julayi 2008 n'kulitseka mu Disembala chaka chomwecho. Microsoft inatseka AltspaceVR mu Malichi 2023, ndipo anthu amene ankakumana kumeneko anachita misonkhano yotsanzikana.

Mu Disembala 2015 laibulale ya Mzuzu University inapsa, mabuku pafupifupi 45,000 n'kusanduka phulusa. Linali tsoka la dziko lonse. Komabe m'mawa mwake nthaka inalipo, anthu anadziwa poima n'kulira, ndiponso potumiza mabuku ena. Nanga kampani ikazimitsa makina ake, anthu aima pati? Bambo wa dzanja limodzi uja, amene dzina lake lenileni sindilidziwa, ndikam'peza kuti kuti ndimuuze zimene zachitika? Mdzukulu wanga akuti magulu otere amasamuka, amauzana kumene akupita, amakamanganso kwina, ngati mudzi wothawa madzi osefukira. Ndikukhulupirira. Koma pa kusamuka kulikonse amatsala ndi okalamba, odwala ndi osauka, omwe ndi amene malowo ankawafuna koposa. Kodi n'koyenera kuti bwalo la anthu olumala lidalire ngati kampani yapindula chaka chino?

Ndipo ngakhale dzikolo litakhalapo mpaka kalekale, alowamo ndani? Laputopu ya mdzukulu wanga ndi yamphamvu, anaigula ndi malipiro a miyezi ingapo. Kucheza kwa usiku umodzi kunadya bandulo imene ine ndimagwiritsa ntchito mwezi wathunthu pa foni. Ulendo wachiwiri magetsi anazima tili pakati pa nkhani, nkhalamba yanga yojambula inasowa pa mpando osatsanzika, chinthu chimene chinandiwawa, chifukwa munthu sachoka pabwalo motero. Ndipo zonse zinachitika m'Chingerezi. Ine ndinachiphunzira ndi kuchiphunzitsa. Mng'ono wanga analekera Sitandade 5. Mwini matenda, amene ali ndi mafunso amene ine sindingawaganize, sangakhale pa mpando umenewo. Ndinapita ine m'malo mwake, n'kudula funso lake monga mmene Taylor ananenera, kawiri: kulichotsa mumtima mwake kuliika mwanga, kenako kulichotsa m'Chichewa kuliika m'Chingerezi. Zinatayika zingati panjirapo?

Chaka chatsopano chitalowa ndinapita kumudzi. Ndinakhala ndi mng'ono wanga m'chipinda, chitseko chotseka, n'kumuuza za dzanja lofooka kulowa poyamba. Tsiku loyamba anakwiya, anataya malaya pansi. Tsiku lachitatu anavala yekha, ngakhale zinatenga nthawi yoti nsima ikanapsa. Mlamu wanga anaima pakhomo manja akumuyabwa kuti athandize, ndinam'pempha kuti apirire. Telala wa pamsika anasokera zomata pa malaya awiri. Za bawo sindinam'kakamize. Ndinangobwereka thabwa n'kuliika pakhonde, tinasewera awiri, anandidya kawiri. Sabata yotsatira anzake anabwera okha, ndipo pocheza mmodzi wa iwo anatchula za mlamu wake wa mudzi wina amene amapita kwa a fiziyo Lachitatu lililonse, ndi njinga ya kabaza imene imam'tenga pa mtengo wotsika. Ifeyo za kabazayo sitinkadziwa.

Madzulo ena mng'ono wanga anandifunsa kuti, "Achimwene, munthu anakuuzani zimenezi ndi wa kuti?" Ndinati ndi wa kutali, nayenso dzanja limodzi linafa. Anakhala chete, kenako anati, "Mukadzam'peza mumufunse ngati iyenso usiku amalota dzanjalo likugwira khasu."

Funso limenelo si loti ndikam'funsire ine. N'loti afunse yekha, m'chinenero chake, kwa munthu amene angamuyankhe kuti inenso. Inu ana athu amene munaphunzira makompyuta ndi za malaibulale, ku Mzuzu, ku Zomba, ku Lusaka, ndi inu muli ku Johannesburg ndi ku London, sitikupempha chinyumba cha mizati. Timangireni kabwalo kamodzi kolowa pa foni wamba, kosadya bandulo yambiri, ka mipando isanu, ndipo pa mpando umodzi pakhale munthu wolonjera m'Chichewa. Mng'ono wanga ali ndi funso lake, akudikira.